Tsiku Lotuluka la Lekisoni

Za ubwana wanga sindilemba, ana anga, chifukwa munazimva mpaka kutopa nazo. Ndikufuna mudziwe ntchito imene inakulerani, ntchito imene munkachita nayo manyazi anzanu akakufunsani kuti bambo ako amatani. Mayina a anthu ndasintha, kupatula langa.

Chaka changa choyamba pa ntchito

Ndinayamba usilikali wa ndende ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, pa kandende kakang'ono ka pa boma lina, kutali ndi Lilongwe. Nsapato zimene anandipatsa zinali zazikulu moti ndinkaikamo nyuzipepala. Kumaphunziro anatiphunzitsa kuguba, kugwira mfuti, ndi kuwerenga akaidi pa foleni, atafola pamzere, m'mawa ndi madzulo. Za matenda a m'mutu sanatiphunzitse kanthu. Zimenezo ndinazimva kwa sajeni wathu, mkulu wa ndevu zaimvi amene ankati mkaidi akayamba kupenga, dziwa kuti akuthawa khasu. Wamisala weniweni, iye ankatero, umamudziwa ndi zinthu zitatu: sasamba, amavula, ndipo amachita phokoso. Wopanda zitatuzo ndi wabwinobwino. Ine ndinazimeza choncho, ngati mwana wa sukulu.

M'mwezi wanga wachitatu anabweretsa munthu wa mlandu wakuba mbuzi. Ankafuula, ankang'amba zovala, ndipo ife tinkamuthira madzi n'kumutsekera m'kaselo ka yekha. Koma ine ndinabadwa ndi vuto lofuna kudziwa. Ndinakafunsa wapolisi amene anamubweretsa kuti anamugwira bwanji. Wapolisiyo anaseka mpaka kugwira nthiti. Akuti palibe anamugwira. Anamasula mbuzi ya mwini dzuwa lili pamutu, n'kuikokera yekha kupolisi kuti ikapereke umboni pa anthu amene ankamulondalonda. Ndinabwerera mutu uli gwa. Wakuba wa mtundu wanji amene amapita yekha kupolisi ndi katundu? Nditamufunsa sajeni, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zanga zazikulu zija.

"Iwe Mwale," anatero, "unalembedwa kuti uziwerenga mitu, osati uzisuzumira zimene zili m'katimo."

Kuyambira tsikulo anzanga ankanditcha Mafunso. Dzinalo linanditsatira kulikonse kumene ananditumiza.

Nditagwira zaka khumi

Ananditumiza ku ndende yaikulu ya mumzinda muno. Nyumba za asilikali zinali zodzaza, choncho tinakhala ku Kawale, kenako ku Biwi, ndipo ndinkapalasa njinga. Inu akuluakulu mukukumbukira njinga ija ya belu losalira. Kuntchitoko ndinapeza anthu othithikana ngati machesi m'bokosi. Atsopano ankagona chokhala pakati pa selo, pamalo otchedwa shamba, wina pakati pa miyendo ya mnzake. Mtendere wa m'selo unkadalira nyapala, mkaidi amene tinkamusankha kuti aziyang'anira anzake. Sopo ankasowa, mabulangete ankasowa, ndipo galimoto inkakhala masiku ilibe mafuta.

Ntchito imene ena ankaikana, yoperekeza odwala ku kachipatala ka m'kati, ine ndinaikonda. Kumeneko kunali a Saidi, Myao wa kunyanja, wamfupi, woyankhula pang'onopang'ono. Tonse tinkawatcha adokotala ngakhale iwo ankakana kuti sanafikepo pamenepo. A Saidi ndiwo anandiuza koyamba kuti pali matenda amene munthu amamva mawu omwe ena sakuwamva, n'kumakhulupirira zinthu zimene ngakhale utabwera ndi mboni khumi sungamuchotse. Ndinawapanikiza ndi mafunso mpaka ankandithamangitsa.

"Adokotala, ndiuzeni chimodzi. Anthuwa amapenga chifukwa cha ndende, kapena amalowa m'ndende chifukwa chopenga?"

"Zonse ziwiri, a Mwale. Ena amabwera nawo, ena amawatola m'selomo. Enanso chamba chimakolezera moto umene unalipo kale."

"Nanga khoti siliona?"

"Khoti limaona munthu mphindi zochepa. Akavomera mlandu mwaulemu, ndani amufunse chimene chinamutuma?"

Ndinayamba kukhala pansi ndi odwalawo, kuwafunsa za milandu yawo. Ambiri anali a timilandu tating'ono: wina anaswa galasi la sitolo chifukwa munali nkhope yomutukwana, wina analowa m'nyumba ya eni n'kugona pabedi poti anali wotsimikiza kuti ndi yake. Ochepa okha ndiwo anavulaza munthu, ndipo amenewo nditawamvetsera ndinapeza kuti sanachite chifukwa cha nkhanza. Anali ndi mantha oopsa, ndipo amene ankamuopa nthawi zambiri anali wa m'nyumba mwawo momwe. Mankhwala owathandiza ankabwera mwa apo ndi apo. Akatha, a Saidi ankangotambasula manja.

Koma ngakhale ndinaphunzira zonsezi, maso anga anali akadali a sajeni uja. Ndinkafunafuna odwala pakati pa osasamba ndi aphokoso.

Nditagwira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri

Apa n'kuti ndili sajeni, ndipo Lamulungu ndinkakhala pa geti la alendo. Lamulo la pa geti ndi lakuti aliyense wobweretsa chakudya chophika alawe kaye pamaso pa msilikali, kuti tidziwe kuti mulibe choipa. Anthu ena ankanyinyirika, ena ankangonyambita supuni. Koma panali mayi wina wa ku Kaliyeka, wogulitsa tomato, amene tinkamutcha a Nabanda. Iyeyu sankadikira kuuzidwa. Ankavundukula kontena, n'kudya bwinobwino mbali zonse, mpunga, ndiwo, ngakhale msuzi, maso ali kwa mwamuna wake amene ankaima kuseri kwa waya.

Mwamunayo anali Lekisoni, kalipentala. Anamangidwa zaka zitatu chifukwa chomenya mlamu wake, mchimwene wa a Nabanda, ndi nyundo paphewa. Kukhoti anangovomera, osafotokoza kanthu. Ana anga, m'zaka zanga zonse sindinaonepo mkaidi waukhondo ngati ameneyo. Malaya ake oyera ankawagonera kuti awongoke. Sankatukwana, sankasuta, ankakonza mabenchi ndi zitseko zathu osadandaula. Ndipo chakudya cha mkazi wake ankachilandira ndi manja awiri, n'kukachigawa chonse kwa anzake a m'selo, iye osalawako ngakhale njere imodzi ya mpunga. Tinkamutama kuti ndi munthu wa Mulungu. Bwana wathu wamkulu, a Gondwe, anamupatsa unyapala chifukwa cha zimenezo, ndipo ine ndemwe ndinapereka dzina lake.

Chimene chinandidzutsa chinali chaching'ono. Lolemba lina ndikuperekeza odwala, mkaidi wina wa m'selo mwake anandiseketsa kuti anyapala ndi achifundo mopitirira muyeso. Akuti akakupatsa mpunga, madzulo amabwera kudzakufunsa m'mimba muli bwanji, m'mawa akufunsanso, n'kukuyang'ana m'maso ndi lilime lomwe. Anzanga anaseka. Ine sindinaseke. Sabata yotsatira ndinamuyang'anitsitsa, ndipo ndinaona kuti sankagawa mwachisawawa. Ankasankha anthu atatu, sabata inayo atatu ena, ndipo akamadya iye ankakhala patali pang'ono, manja pamawondo, kuwayang'ana kukhosi.

Mwezi wa Juni, chaka chomwecho

Chifukwa cha khalidwe labwino anamudulira chigawo cha chilango, ndipo anatsala ndi masabata atatu kuti atuluke. Ndinamupeza masana m'shedi ya akalipentala akupala thabwa. Ndinakhala pa benchi ngati wongopumula.

"Lekisoni, mpunga wa akazi ako umanunkhira mpaka pa geti. Bwanji sudyako?"

Anapitiriza kupala. Kenako anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu.

"Bwana sajeni, inu mumamvetsera anthu. Ndikuuzani ngati munthu, osati ngati bwana. Muja muli mankhwala a makoswe."

"Koma amalawa pamaso panga."

"Amamwa kaye chosukulutsa asananyamuke kunyumba."

"Nanga anzako amene amadya, wafa ndani?"

"Palibe. Akudziwa kuti ndikumuyesa, ndiye amaika pang'ono. Akudikira ndifike kunyumba."

Ankayankhula modekha ngati akundiuza kutalika kwa chitseko. Ndinamufunsa kuti anamuuza ndani. Analoza kudenga ndi pensulo. Dzuwa linali litatentha ndipo malata ankalira tha, tha.

"Inu mukumva malata, bwana. Ine ndikumva munthu. Anayamba kundiyankhula ndili ku Kaliyeka. Ndi amene anandiuza kuti alamu anga abweretsa mankhwalawo m'thumba la jekete."

Kunena zoona, poyamba ndinamva kukoma kumene mlenje amamva akapeza mapazi a nyama. Zaka ziwiri munthu ali pamphuno pathu, ife n'kumuveka unyapala chifukwa cha matenda ake omwewo. Koma kukomako kunatha nditafunsa funso lotsatira.

"Ukatuluka uchita chiyani?"

"Ndikamufunsa mkazi wanga komaliza. Akavomera, ndimukhululukira."

"Akakana?"

Anapukuta thabwa ndi chikhatho, n'kuliyang'ana ndi diso limodzi ngati lawongoka.

"Zimenezo anandiuza kale, bwana. Nyundo yanga ili kunyumba."

Ndinapita naye kwa a Saidi tsiku lotsatira, ponamizira kuti onse otuluka amayezedwa. Anakhala naye pafupifupi ola. Atatuluka, a Saidi anandikokera pambali.

"Kwa ine wakana zonse. Tsiku akulidziwa, mwezi akuudziwa, wandifunsanso za ana anga. Koma ndamupatsa panado wakana kumeza, ndipo maso amapita kudenga pafupipafupi. Ndikukhulupirira zimene mwamva. Ndikhoza kulemba kalata yoti apite ku chipatala chachikulu cha matenda a m'mutu, kumwera, koma kalatayo iyenera kutsamira pa lipoti lanu. Mboni ndinu nokha."

"Akapita, tsiku lake lotuluka likhala bwanji?"

"Kumeneko kulibe tsiku, a Mwale. Amatuluka madokotala akakhutira. Mukudziwa nokha kuti ena amene tinawatumiza sanabwere msanga."

Ndinkadziwadi. Pakati pathu asilikali tinkanena kuti kulembera munthu misala n'kumuwonjezera chilango chopanda woweruza. Ndinapita kwa a Gondwe. Anali munthu wosakonda mapepala, wokonda ndende yabata. Anandimvetsera akusewera ndi makiyi.

"Mafunso, wayambanso. Munthu watsala ndi masabata atatu. Akadutsa pa geti lija si wathunso. Ukufuna galimoto, mafuta, asilikali awiri operekeza, chifukwa cha nyapala wabwino kuposa onse amene ndakhala nawo?"

"Bwana, akakapha mkazi uja abweranso konkuno."

"Akabwera tidzamulandira. Ntchito yathu ndi imeneyo."

Ndinanena mawu amene sajeni sayenera kunena kwa bwana wake, ndipo sindiwalemba pano. A Gondwe anaika makiyi pansi.

"Chabwino. Lemba, usaine dzina lako. Ukalakwa, walakwa wekha."

Masiku anayi pepala linali m'thumba mwanga lopanda chilembo. Mayi anu ankandifunsa ngati ndikudwala. Ndinkaganiza kuti mwina munthuyu angofika kunyumba, aone ana ake, mawu aja n'kuzirala. Anthu angati amanena kuti ndikupha koma osapha? Ndipo anandiuza ngati munthu, osati ngati bwana. Koma ndikatseka maso ndinkaona phewa la mlamu uja monga linalembedwera m'fayilo.

Lamulungu a Nabanda anabwera monga mwa masiku onse. Anaima patsogolo panga, thebulo lokha pakati pathu, n'kulawa mpunga wawo. Ndikanatha kunena kuti, mayi, tayimani pambali tikambirane. Sindinatero. Lamulo linkatiletsa kuchezerana ndi abale a akaidi, chifukwa msilikali woyankhulira pambali ndi mkazi wa mkaidi amamuganizira ziphuphu kapena chibwenzi. Ndinkaopanso kuti akamufunsa mwamuna wake pa waya pomwepo. Komanso, ndisabise, ndinkaganiza kuti mayi wogulitsa tomato angadziwe chiyani za matenda amene ine ndawaphunzira zaka zisanu ndi ziwiri kwa a Saidi. Ndinangoti, "Zikomo mayi, dutsani." Lolemba m'mawa ndinalemba lipoti, masamba awiri, n'kusaina.

Mwayi kapena tsoka, sabata yotsatira kunali galimoto yopita kumwera ndi akaidi ena. Lekisoni anatuluka m'selo akuganiza kuti akukakonza chitseko. Ataona unyolo sanalimbane. Anapereka manja, n'kundiyang'ana.

"Bwana sajeni, nanunso akufikirani?"

Ndinathandiza kumukweza, chifukwa sitepe ya galimotoyo inali yothyoka.

Lachisanu, tsiku lotuluka

Kalata yodziwitsa abale inalembedwa, koma sinatuluke mu ofesi. Lamulungu lapakatilo a Nabanda sanabwere, ankakonza kunyumba. Choncho Lachisanu m'mawa ndinawaona pa geti atavala chitenje chatsopano, m'manja muli jumbo ya malaya ndi buluku zositidwa. Anzanga onse anapeza chochita kwina. Ndinatuluka ndine.

Ndinawafotokozera zonse, za malata, za mankhwala a makoswe, za nyundo. Ndinkayembekeza kuti agwa pansi kapena akana kuti amuna anga sangatero. Iwo anangondiyang'ana mpaka ndinamaliza.

"Abambo, mukuganiza kuti mukundiuza zachilendo?"

Anapitiriza osadikira yankho.

"Miyezi isanu ndi itatu asanamangidwe sankadya changa. Ankagula mabanzi n'kumadyera ku shedi. Mukuganiza kuti pa geti pano ndinkadya chonchija chifukwa cha lamulo lanu? Ndinkadyera iwo, kuti aone. Nyundo, sowo, zonse ndinakasungitsa kwa abusa sabata yomwe anamangidwa. M'nyumba mulibe ngakhale msomali. Ana ndawatumiza kwa amayi ku Likuni. Achimwene anga, omwe anamenyedwa aja, ali pamsewu apo ndi galimoto ya mnzawo. Timati tikachoka pano tipite nawo kuchipatala m'tauni momuno, ine ndili pambali pawo, ndiziwaona tsiku lililonse."

Ngakhale pamenepo khalidwe langa silinandisiye. Ndinafunsa kuti nanga bwanji sananene kukhoti kuti munthuyo akudwala.

"Kuti dera lonse lizimutcha wamisala? Ndani angapatse ntchito kalipentala wamisala? Ana ake akamakula azitchedwa ana a ndani? Tinati bola ndende, ili ndi tsiku lotuluka."

Anapinda jumbo ija n'kuiika m'khwapa.

"Zaka ziwiri ndakhala ndikuima pamaso panu Lamulungu lililonse. Munafunsa iwo, munafunsa adokotala anu, munafunsa bwana wanu. Ine pakamwa panu panali potseka?"

Sanalire, sanakweze mawu. Anandifunsa basi imene imapita kumwera ndi kumene angakatsikire, ndipo ndinawalembera pakapepala. Ndinachita manyazi aakulu tsiku limenelo, ndipo ndimawamvabe.

Panopa, ku Area 23

Lekisoni anakhala kuchipatalako pafupifupi zaka ziwiri. Mayi ake anamwalira iye ali komweko, ndipo sanawaike. Mwana wake wamng'ono anamuthawa tsiku limene anabwera, poti sankamudziwa. Zimene a Nabanda ankaopa zinachitikadi: dera lonse linamva kumene anali, ndipo palibe anamupatsanso chitseko choti akhome.

Ine ndinagwira zaka zina khumi ndi zitatu. Ndinasiya kufunafuna odwala pakati pa aphokoso okha, ndipo asilikali atsopano ndinkawauza kuti mkaidi wofatsa mopitirira naye mumufunse ali bwanji. Ndinkawauzanso kuti musanalembe chilichonse, funsani amene amamubweretsera chakudya, lamulo likonde lisakonde. Ena ankamva, ena ankati mdala Mafunso wakalamba.

Nditapuma pa ntchito ndinakumana naye ku Tsabango, pa shedi ya kalipentala wina kumene amasalaza matabwa ndi sandipepa. Wanenepa, amayenda pang'onopang'ono, manja amanjenjemera. Anandizindikira, n'kundipatsa mpando. Anati amabayitsa jakisoni mwezi uliwonse, ndipo akazi ake ndiwo amasunga tsiku. Mawu aja akuti amabwerabe nthawi zina, koma patali, ngati wailesi ya nyumba yachitatu. Ndinadziletsa, ndinadziletsa, koma ndinalephera.

"Lekisoni, undikhululukire. Kodi ukanachitadi?"

Anapukuta fumbi pa bondo.

"Sindikudziwa, bwana. Nyundo ndikanaipeza kulibe. Koma galimoto ija, muli alamu anga, sindikukhulupirira kuti ndikanakwera. Ndipo miyala ku Kaliyeka ndi yambiri." Anandiyang'ana. "Musakawauze mayi a kunyumba zimenezi. Iwo amakhulupirira kuti akanatha."

Sindinawauze, ndipo sindidzawauza. Mwina akanathadi. Mayi amene anabisa msomali uliwonse m'nyumba si woti ine ndimuyeze. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinachotsa zaka ziwiri pa moyo wa munthu amene anandikhulupirira, ndipo ndinazichotsa osafunsa mkazi amene ndinkati ndikumuteteza. Mukandifunsa ngati ndikanalembanso lipoti lija, ndikuganiza kuti inde. Koma ndikanayamba ndawaimitsa a Nabanda pa thebulo paja.

Amagulitsabe tomato pamsika wa ku Kaliyeka. Ndikamapita kwa mlongo wanu ndimadutsa pomwepo, ngakhale pali njira yachidule. Ndimawapatsa moni nthawi zonse. Sanandiyankhepo ngakhale kamodzi. Akandiona amatembenuka n'kuyamba kusanja tomato amene ndi wosanja kale, ndipo ine ndimaima pang'ono, kuyang'ana msana wa munthu wamoyo, kenako n'kupitiriza ulendo wanga.